Musanaboole khoma, yambani mwayendayenda ndi foni

Intaneti ikamachedwa pakhomo, ambiri amathamangira kunyoza kampani ya netiweki. Koma m'makomo ambiri amene ndawaona, vuto limakhala pamalo pamene anaika kabokosi ka Wi-Fi, kaja amati access point. Ena amakabisa kuseri kwa TV, ena m'kabati poopa ana. Zikatero, mwana wa Folomu 4 amene akuwerengera mayeso kuchipinda amangodikira tsamba losatseguka, pamene bandulo munalipira kale.

Ine ndimati musanatenge dirilo, yatsani kabokosiko, wina akagwire m'mwamba mukolido ya pakati pa nyumba. Inuyo muziyenda chipinda ndi chipinda, maso pa timizere ta pafoni. Njerwa zootcha, konkire ndi zitsulo zimafooketsa siginolo, ndiye pafupi ndi firiji ayi, pafupi ndi malata ayinso. Pamene zipinda zonse zagwira, khomani pomwepo, pamwamba podutsa mutu wa munthu.

Chingwe cha Ethernet chochokera ku rauta chisapitirire mamita 100. Ngati kabokosi kanu ndi ka PoE, chingwe chomwecho chimanyamulanso magetsi, ndipo simufunika soketi pakhomapo. Poseta, dziwani kuti 2.4 GHz imafika kutali, pamene 5 GHz imathamanga koma siipirira makoma.

Kenaka sinthani pasiwedi ya admin imene inabwera ndi kabokosiko, musankhe WPA2 kapena WPA3, muike ya Wi-Fi yosachepera zilembo 8. Koma chonde isakhale dzina la mwana wanu. A neba amalidziwa bwinobwino, amamuitana tsiku lililonse.