Sutikesi Yopepuka ndi Nsapato Zozolowera



Banja likangomva kuti bambo kapena mayi apeza mwayi wopita ku Haji kapena ku Umra, ana amathamangira kukagula sutikesi yaikulu ndi kuidzaza mpaka zipi kukana kutseka. Muli bulangete, majuzi awiri, jekete, mikanjo isanu ndi umodzi, zitenje khumi, ufa, usipa wouma, ndi nsapato zachikopa zatsopano zimene sizinapondepo pansi. Zonsezi amazichita mwachikondi, sitikukana. Koma amene adzasenze katunduyo pa dzuwa la ku Makkah ndi gogo yemweyo, ana ali kuno kumudzi.

Chimene chimatisokoneza ndi nyengo. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kuno kumakhala chisanu, mwera ukuwomba, asodzi akuwotha moto pagombe. Tsono munthu polongeza amalongeza monga mwa kuzizira kumene akumva m'thupi tsiku limenelo. Ku Saudi Arabia miyezi yomweyo ndiyo chilimwe chenicheni, ndipo kutentha kwake kumaposa kwa Okutobala wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota. Pa Haji ya 2024, imene inachitika mu Juni, kutentha pa Mzikiti Waukulu wa ku Makkah kunafika madigiri 51.8, ndipo boma la dzikolo linalengeza kuti anthu 1,301 anamwalira. Ambiri mwa iwo anali opanda zilolezo za Haji, amene anayenda mitunda italiitali padzuwa popanda pousa. N'zoona kuti Haji imabwerera m'mbuyo pafupifupi masiku 11 chaka chilichonse, koma ngakhale Meyi wa ku Makkah amapitirira madigiri 40, ndipo a Umra amapitabe m'miyezi yotenthayo.

Makampani a ndege nthawi zambiri amalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse ndi kachikwama kam'manja ka makilogalamu 7, ngakhale kuti zenizeni zimalembedwa pa tikiti yanu. Ife tikuti musayese katundu wanu ndi sikelo ya pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu. Muyeseni ndi msana wa mwini ulendo. Pa 8 Dhul Hijjah sutikesi yaikulu imatsala ku hotela, ndipo kwa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi munthu amakhala ndi kachikwama kokha: ku Mina, ku Arafat, usiku wogona pamtetete ku Muzdalifah, ndi kubwereranso ku Mina kukagenda. Kuchokera ku Makkah kufika ku Arafat ndi makilomita pafupifupi 20. Mabasi alipo, koma amaima pamsewu maola ambiri chifukwa cha khamu, ndipo kuchokera kumatenti kupita kogendera ambiri amayenda wapansi, kupita ndi kubwera, tsiku ndi tsiku. Gogo aberekere kachikwamako pakhomo pano, ayende nako mpaka ku mzikiti wa Ijumaa masana. Akabwera akudandaula phewa, chotsanimo zinthu.

Nkhani yaikulu ili kumapazi, ndipo ndi imene timaichepetsa. Timaona ngati nsapato yatsopano ndi ulemu pa ulendo wopatulika. Nsapato yatsopano imaluma. Chithuza chimene kuno chikanapola pa masiku atatu, kumeneko chimaphulika, kulowa thukuta ndi fumbi, ndipo munthu amene anasunga ndalama za nsomba kapena za mpunga zaka khumi amamaliza Haji yake akukankhidwa pa njinga ya olumala yolipira. Gulani nsapato miyezi iwiri ulendo usanafike, ndipo zivalidwe tsiku lililonse, popita kumsika, kudimba ndi ku swala zonse zisanu, mpaka zidziwane ndi phazi.

Kwa abambo amene ali mu ihramu, nsapato zotseka ndi masokosi siziloledwa. Zofunika ndi masandasi osaphimba akakolo, ndipo malire ake enieni, a zala ndi chidendene, mukafunse a shehe anu musanagule, pakuti safunsa anadya phula. Sankhani a pansi pochindikala, ofewa, okhala ndi lamba wogwira phazi. Patapata wa mtengo wotsika ndi wabwino kubafa ndi pochita udhu basi. M'khamu wina akangomuponda kumbuyo amaduka, ndipo pamatailosi onyowa amaterera. Amayi ali ndi ufulu wovala nsapato zotseka ndi masokosi, kotero nsapato zansalu zopanda chidendene chachitali ndi masokosi athonje mapeyala atatu kapena anayi zikwanira.

Musaiwale kathumba kansalu koikamo nsapato, kokhala ndi chingwe chokolekera paphewa. Mzikiti wa ku Makkah uli ndi makomo ochuluka kwambiri, ndipo khomo lolowera silikhala lotulukira. Mwala woyera wozungulira Kaaba sutentha ngakhale masana, koma phula la panja limawotcha ngati chiwaya. Amene wataya nsapato n'kuyesa kuthamanga wopanda kanthu kupita ku hotela amapsa mapazi. Odwala shuga ndiwo ali pangozi yoposa, chifukwa ambiri mapazi awo samva kutentha, amadzangoona zilonda madzulo. Kumbukiraninso kuti mukamaliza tawafu pali kuyenda kasanu ndi kawiri pakati pa Safa ndi Marwah, mtunda wa makilomita pafupifupi atatu pa mwala wolimba.

Za zovala sitichulukitsa. Bambo atenge ihramu ziwiri, ina yosinthira, zathonje, ndi lamba wokhala ndi thumba losungiramo ndalama ndi mapepala. Mikanjo itatu yopepuka yakwana. Mayi atenge madiresi atatu kapena anayi aatali, otakasuka, ansalu yathonje ya mtundu wowala, mipango yake, ndi mathalauzi opepuka amkati. Nayiloni yakuda imasunga kutentha ngati uvuni wa njerwa. Chitenje chimodzi kapena ziwiri inde, pakuti chitenje ndi choyala, chofunda, ndiponso chotchinga. Dzuwa la kumeneko limaumitsa chovala chochapidwa pa kanthawi kochepa, choncho sopo mmodzi amalowa m'malo mwa zovala zisanu. Sopoyo akhale wopanda fungo, popeza zonunkhira n'zoletsedwa mu ihramu. Chimodzimodzi mafuta odzola: abambo, popanda kabudula wamkati ntchafu zimakhulana mpaka kunyuka, ndipo kabotolo ka Vaseline wosanunkhira kapulumutsa ambiri amene amachita manyazi kunena. Chofunda chikhale chimodzi chopepuka, cha m'ndege ndi m'matenti a ku Mina momwe makina oziziritsa amazizira usiku. Ambulera, makamaka yoyera, ndi yololedwa ngakhale kwa bambo amene saloledwa kuvala mzuli, ndipo ndi yofunika kuposa jekete.

Pali zinthu zimene siziyenera kulowa m'sutikesi yaikulu, chifukwa sutikesi imatha kutsalira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi mwini wake atafika. Pasipoti, chikalata cha katemera wa matenda oumitsa khosi, mankhwala a shuga ndi a BP okwanira ulendo wonse pamodzi ndi kalata ya dokotala, magalasi a maso, zonsezi zikhale m'manja. Ihramu nayonso. Amene akutera ku Jeddah n'kulunjika ku Makkah amadutsa malire a miqat ali m'mwamba, ndipo ihramu imene ili pansi pa ndege singamuthandize. Amene akuyambira ku Madinah adzavala pa Dhul Hulayfah, pafupi ndi mzindawo. Zamadzimadzi za m'chikwama cham'manja zisapitirire mamililita 100 botolo lililonse, apo ayi mudzazisiya pachipata.

Nanga ufa ndi usipa? Tikudziwa kuti kwa ena tsiku lopanda nsima ndi tsiku la njala. Koma mpunga, nkhuku, buledi, yogati ndi tende zili ponseponse, ndipo m'matenti a ku Mina kusonkha moto wophikira n'koletsedwa chichokereni moto waukulu wa 1997 umene unapha anthu oposa 300. Malo a ufawo asiyeni opanda kanthu. Pobwerera mudzawafuna, popeza mudzi wonse ukudikira tende, tasbihi ndi miswala, ndipo madzi a Zamzam a malita 5 amakhala ndi katoni yawoyawo.

Chomaliza n'chovuta kuchinena pakati pa abale. Pabwalo la ndege, kapena usiku woti mawa ulendo, wina adzabwera ndi phukusi lomata kuti mukapereke kwa mwana wake amene akuphunzira kumeneko. Litsegulidwe pamaso panu, muone chilichonse, ndipo ngati mwini wake akukana, likaneni ngakhale akhale mlamu wanu. Malamulo a ku Saudi Arabia pa mankhwala ozunguza bongo amafika pa chilango cha imfa, ndipo wofunsidwa ndi amene dzina lake lalembedwa pa sutikesi.