Gitala si Satana

Akulu-akulu a mpingo kuno ku Nabvutika, musapitikitse anyamata oliza gitala ya magetsi. Mu 1986 gulu la ku America la Stryper linatulutsa cimbale ca To Hell with the Devil, nyimbo zaphokoso koma zotamanda Yesu. Abusa ena anakwiya, koma anthu oposa miliyoni imodzi anagula. Kufupi konkuno, Alleluya Band inabadwira pa parishi ya Balaka ku Malawi, ndipo inalera Paul ndi Lucius Banda. Mwana mukamuletsa gitala ku chalichi, adzakailiza ku bala, kumene ndalama za cimanga zimathera. Koma inunso anyamata, cepetsani phokoso. Agogo okhala kumbuyo afuna kumva mau a Mulungu, osati mawaya cabe.