Bedi la msuweni ku Pretoria

Ulendo wanga woyamba wa ku Pretoria ndinafikira kwa msuweni wanga ku Soshanguve. Panalibe n'zokambirana zomwe. Nditangomulembera pa WhatsApp kuti ndikubwera masiku atatu kudzalondola mapepala ena, yankho linafika pompo: "Asuweni, nyumba ilipo, ndalama zanu musataye." Ine mtima m'malo. Ndani amakagona ku resitihausi m'bale wake ali mumzinda momwemo?

Nyumbayo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni malo. Bedi limodzi, kasitovu kamagetsi pamwamba pa kireti, masutikesi atatu osanjikizana pakona, ndi chitenje chopachika pa chingwe chogawa chipindacho pawiri. Mlamu wanga anandilandira ndi madzi otentha m'beseni, nsima ndi nkhuku, kenaka anakunga bulangete lake nati, "Alamu, ine ndikagona kwa mnzanga, inu chezani bwino." Bedi anapatsa ine. Msuweni anayala makatoni pa simenti. Munali mu June, ndipo chisanu cha kumeneko chimalowa pansi pa chitseko ngati chatumidwa. Usiku wonse ndinkamumva akutembenuka pa makatoni paja.

Tinadzuka 4 koloko. Soshanguve ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda, ndipo m'mawa aliyense amathamangira mbali imodzi. Tinaima pa mzere wa minibasi, zimene kumeneko amati taxi, mpaka zala kuchita dzanzi. M'menemo mulibe kondakitala. Ndalama zimayenda m'manja kuchokera kumbuyo, ndipo wokhala pambali pa dalaivala ndiye amawerengera anthu chenje. Tsoka limenelo linagwera ine, munthu woti marandi ndinali ndisanawadziwe nkhope. Titatsika m'tauni tinakweranso ina. Pofika pa ofesi imene ndinkafuna ku Arcadia, mzere unali utatuluka kale pa geti, ndipo ntchito ya tsiku limodzi inadya masiku awiri. Zoti msuweni wanga, amene amasamalira maluwa m'nyumba za anthu olemera, sanalipidwe masiku awiri amene ankandiperekezawo, ndinadzazimva patapita miyezi, kwa azakhali kumudzi. Iye mwini mpaka lero sanatchulepo. Ine ndinabwerako ndikuuza anthu kuti ndagona ulere.

Kutalikaku sikunachitike mwangozi. Pretoria anaimanga kuti munthu wakuda azigwira ntchito m'kati koma azikagona kunja: Mamelodi kum'mawa, Atteridgeville kumadzulo, Soshanguve kumpoto. Ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994, koma misewu sinafupike, ndipo abale athu ambiri amapeza lendi yotheka kunja komweko. Ife a ku Lilongwe tisaseke. Amene anachokapo ku Area 25 pa minibasi kuti akafike ku Capital Hill nthawi yabwino akudziwa kale nkhaniyi, komanso ngongole yoyambira kumanga likulu lathulo inachokera ku boma la ku Pretoria komweko, a Kamuzu atamanga nalo ubale wa ukazembe mu 1967 pamene atsogoleri anzawo akuda ankalisala.

Masiku ano ndisanafunse mtengo wa chipinda, ndimayamba ndadzifunsa kuti 8 koloko m'mawa ndiyenera kukhala nditaima pa khomo liti. Malo ogona ndimawafuna mozungulira khomo limenelo, poti ndikhoza kufikapo wapansi.

Kwa Mmalawi wambiri khomolo limakhala ku Arcadia. Ofesi ya kazembe wathu ili mu Government Avenue, m'munsi mwa phiri la Union Buildings, ndipo maofesi a akazembe a maiko ena ambiri ali ku Arcadia komweko, ku Hatfield ndi ku Brooklyn. M'misewu ya mitengo ya jakaranda imeneyi muli nyumba zakale zambiri zimene anazisandutsa malo ogona alendo, za zipinda zowerengeka, mwini wake akukhala pompo. Mtengo wake ndi wokwera kuposa kwina, sindikana. Koma ikani pa sikelo ndalama ya taxi zinayi pa tsiku, Uber ya madzulo mukachedwa, ndi tsiku lathunthu lotayika pa mzere, muone mbali imene ilemere. Mukapita mu October mudzapeza misewu yonse yayala maluwa ofiirira aja timawaona ku Blantyre nyengo yomweyo, kungoti kumeneko achuluka mpaka kuterera kumapazi.

Wobwera pa ndege, Hatfield ndiyo yosavuta. Sitima ya Gautrain, imene inayamba kufika ku Pretoria mu 2011, imathera pomwepo. Mukakwera pa bwalo la OR Tambo mumasintha pa Marlboro, basi mwafika, osapikisana ndi magalimoto a mu N1. Koma Hatfield ndi mudzi wa ophunzira a University of Pretoria, choncho chipinda choyang'ana Burnett Street usiku wa Lachisanu si cha munthu wofuna tulo. Menlyn ndi Centurion n'kwabwino kwa amene ali ndi galimoto kapena wapitira kukagula katundu. Wapansi kumeneko amangokhala mkaidi wa hotela yake.

Sunnyside ndiyo imandivuta kuiweruza. Ndimaikonda masana. Mu Robert Sobukwe Street mumamveka zilankhulo za Africa yonse, Chilingala uku, Chishona uko, mwadzidzidzi wina kumbuyo kwanu akukalipira mnzake pa foni m'Chichewa cha ku Mangochi. Chakudya n'chotsika mtengo, yunivesite ya Unisa ili pamwamba apo ku Muckleneuk, ndipo ku Arcadia n'kongoyenda. Ulendo wanga wachiwiri ndinagona kumeneko, m'malo ena amene ndinawapeza pa intaneti. Zithunzi zinali zokongola, mapilo oyera, duwa pa tebulo. Zimene chithunzi sichinanene n'zoti pansi pake panali bala, kuti chikepe chinafa kalekale ndipo chipinda changa chinali pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi, komanso kuti loko wa chitseko ankagwira ndi msomali umodzi. Ndinagona nditatsamiritsa mpando ku chitseko, pasipoti ili m'sokosi. Sindikunena kuti Sunnyside yonse ndi yotero; anthu zikwizikwi amalera ana awo m'mafulati amenewo. Koma iwo amadziwa ngodya yoti asadutsepo ikakwana 8 koloko usiku, pamene mlendo wa masiku atatu, sutikesi m'manja, foni panja akufufuza njira, amaoneka patali ngati mbuzi yoyera.

Safunsa anadya phula, ndiye musanalipire imbani foni. Funsani ngati pa geti pamakhala munthu usiku, chifukwa basi za kwathu sizifika nthawi imene zinalonjeza. Funsani ngati magetsi akazima ali ndi china chowunikira ndi kutenthetsera madzi. Kumenekonso amazima, osati kwathu kokha. Ndipo funsani dzina la msewu kawiri. Mu 2012 mzindawu unasintha maina a misewu yambiri: Church Street ya ku Arcadia tsopano ndi Stanza Bopape, Schoeman ndi Francis Baard, Esselen ndiyo Robert Sobukwe ija. Anthu akale akutchulabe akalewo, foni yanu ikutchula atsopano, inu muli pakati mukuzungulira. Ngakhale mzinda weniweniwo uli ndi maina awiri: khonsolo ndi Tshwane, koma pa tikiti mudzaona Pretoria.

A pa basi, kumbukirani kuti mukachoka ku Beitbridge, kudutsa Musina ndi Polokwane, mumayamba mwafika ku Pretoria musanaione Johannesburg. Ambiri timangoti "ndikupita ku Joni", n'kukatsikira ku Park Station, kenaka kubwereranso makilomita oposa 50 ndi katundu yense. Funsani pogula tikiti ngati basiyo imaima pa siteshoni ya Bosman ku Pretoria.

Chovuta kwenikweni si kupeza chipinda ayi, koma kumuuza m'bale kuti simufikira kwa iye. Ulendo wachitatu nditalembera msuweni kuti ndapeza malo ku Arcadia, anawerenga uthenga n'kukhala chete tsiku lonse. Madzulo anangoti, "Chabwino bwana." Mawu akuti bwanawo anandilasa. Ndinayankha kuti Lamlungu abwere ndi mlamu, ndawatengera usipa ndi mpunga wa Kilombero kuchokera kwa azakhali.

Anabwera atatchena ngati akupita ku ukwati. Tinakwera wapansi mpaka ku minda ya Union Buildings, nyumba za boma zimene zinamalizidwa mu 1913, pomwe a Mandela analumbirira pa 10 May 1994. Tinajambulitsa pansi pa chiboliboli chawo chotambasula manja chija, chotalika mamita 9. Msuweni wanga, amene wakhala mumzindawu zaka zambiri akudulira anthu kapinga, anagwada n'kusisita udzu wa pamenepo ndi chikhatho, kufuna kudziwa kuti amaumeta ndi makina anji. Kenaka anandiuza kuti aka kanali koyamba kukwerako. Mlamu anali atakhala kale pansi, akumasula thumba la usipa kuti aununkhize.