Chibowo chikadziwika, akuba sachedwa

Anthu ambiri amene ali ndi kompyuta kunyumba anatseka kalekale ma update, ndipo ukawafunsa chifukwa chake sachita chibwibwi: bandulo. Munthu wagula bandulo yoti imufikitse kumapeto kwa sabata, walumikiza laputopu ku foni kuti atumize kalata yofunsira ntchito, posakhalitsa uthenga walowa woti data yatha. Kompyuta yadya yonse mwakachetechete, ikukoka zinthu zomwe mwini wake sanapemphe. Ndani sangapse mtima? Mawa lake amapita kwa mnyamata wokonza makompyuta kumsika n'kumuuza kuti, "Achimwene, zitsekeni zimenezi, zisadzayambirenso." Dandaulo lakelo ndi lomveka, koma chimene wachitacho chimandidetsa nkhawa kwambiri.

Ma update ambiri sabwera kudzakongoletsa kompyuta ayi. Mapulogalamu amalembedwa ndi anthu, ndipo mumatsala zolakwika zomwe wakuba angalowerepo ali kutali, mwini wake osadziwa kanthu. Kampani ikapeza chibowo chotere imatumiza chigamba, ndipo Microsoft imachita izi pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Tsono chomwe ambiri sachiganizira n'chakuti chigambacho chikangotuluka, dziko lonse limadziwa pamene pang'ambika. Akuba nawo amachitenga, n'kuchifufuza kuti aone chomwe chakonzedwa, kenaka n'kuyamba kusaka makompyuta omwe sanachilandire. Kompyuta yomwe yatsalira imakhala pangozi yaikulu lero kuposa mmene inalili dzulo.

Izi zinaoneka poyera pa 12 Meyi 2017, pamene vayirasi ya WannaCry inagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Inkamanga mafayilo onse n'kulemba uthenga woti mwini wake alipire madola 300 kuti amasulidwe. Ku Britain, zipatala za boma za NHS zinasokonekera moti odwala zikwizikwi anauzidwa kuti abwere tsiku lina, ndipo ambulansi zina zinkatumizidwa kuzipatala zina. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamba cha chibowo chimenecho chinali chitatuluka kale pa 14 Malichi chaka chomwecho. Chinakhala pafupifupi miyezi iwiri chikudikira woti achiike. Ndipo vayirasiyo sinkasankha kuti uyu ndi wolemera kapena uyu ndi mphunzitsi wapulayimale. Inkangolowa paliponse pamene yapeza mpata.

Apa mpamene ndimatsutsana ndi anzanga amene amati, "Ine ndili ndi chiyani choti munthu angabe?" Muli ndi zithunzi za ukwati, ntchito ya mwana yomwe akuyenera kupereka ku koleji, mbiri ya ndalama za banki mkhonde, komanso mawu achinsinsi a imelo ndi Facebook omwe munasunga mu Chrome. Wakuba akatenga akaunti yanu amayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Nkhani ya bandulo ili ndi njira yake. Mu Windows muli posankha potchedwa metered connection. Mukapatsegula, kompyuta imachepetsa kukoka zinthu zikuluzikulu payokha. Ndiye inuyo musankhe tsiku limodzi pamwezi, mugule bandulo ya usiku kapena mupite pamene pali Wi-Fi yodalirika, muilole imalize zonse. Batire likhale lodzaza, chifukwa magetsi akathima update ili pakati kompyuta ikhoza kukana kuyaka. Mafayilo ofunika muyambe mwawakopera pa fulashi. Koma mukaona uthenga wofiira wotulukira pa intaneti ukukukalipirani kuti dinani apa msanga kompyuta yanu yadwala, musadine. Update yeniyeni imapezeka mu Settings.

Vuto lina ndi la malaputopu akaunjika omwe ambirife timakwanitsa kugula. Ena akadali ndi Windows 7, yomwe inasiya kulandira zigamba pa 14 Januwale 2020, ndipo chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Makompyuta akale ambiri sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Musawataye. M'malo mwa Windows mungaikemo Linux Mint, yomwe ndi yaulere, imayenda bwino pa makina okalamba, imalandirabe zigamba, ndipo kulemba kalata kapena kulowa pa intaneti kumatheka bwinobwino. Ogulitsa malaputopu ayenera kumauza makasitomala awo zimenezi ndalama zisanaperekedwe, ndipo inu wogula funsani kaye kuti muli Windows yanji musanatulutse chikwama.