Pempho la ku Mpanshya: Uphungu wa Anthu a Intersex Ufufuzidwe

Gulu la nzika za ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa, likupempha anthu onse kuti aikepo mtima pa za ana obadwa ndi thupi limene siligwera kwathunthu ku chimuna kapena ku chikazi, amene pa Chingerezi amatchedwa intersex. Mavuto a banja la mwana wotere amayambira pa funso la achibale lakuti kwabadwa mwana wanji, ndipo amakula pamene namwino akudzaza khadi la kusikelo, limene limangodziwa mnyamata ndi mtsikana. Mayi amachedwa kutuluka m'chikuta ndipo amasintha thewera atatseka chitseko, poopa kuti nkhani ingasanduke ya ufiti.

Chipatala cha mishoni cha St Luke's chingatumize mwana ku University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo ulendowo suyenera kuzengerezedwa, popeza mtundu wina wa chibadwachi umatayitsa khanda mchere wa m'thupi, mwina mpaka kufa m'masabata oyambirira. Koma banja likabwerera kumudzi limafunikanso chithandizo cha maganizo, ndiko kuti uphungu, magulu olimbikitsana, ndi kukambirana ndi aphunzitsi, anamkungwi ndi akuluampingo. Alangizi ambiri anakhwimira pa ntchito ya HIV, ndipo si nzeru kungoganiza kuti mawu otonthoza munthu amene wayezetsa magazi angatonthozenso wachinyamata amene anakula ngati mtsikana koma potha msinkhu wayamba kumera ndevu.

N'chifukwa chake pakufunika wophunzira wa digiri yapamwamba ya kafukufuku, yotchedwa PhD, woti atsatire mabanja kwa zaka zitatu kapena zinayi, kuona uphungu umene ukubwezera mwana kusukulu ndi umene ukungotha m'mawu. Ntchitoyi imadya ndalama: fizi, mayendedwe a m'midzi yotalikirana ndi msewu wa Great East, ndi malipiro a omasulira Chisoli ndi Chinyanja.

Nkhaniyi si ya ku Mpanshya kokha: dziko la Kenya linawerenga anthu a intersex 1,524 pa kalembera wa 2019, ndipo pa 4 Epulo 2024 khonsolo ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inavomereza chigamulo chake choyamba chowateteza. Gululi likupempha nzika kuti, kudzera mwa Mfumu Mpanshya, makhansala ndi phungu wa dera, zikakamize National Science and Technology Council ndi University of Zambia kupatula ndalamazi, kuti bungwe la Intersex Society of Zambia likhalepo pokonza mafunso, ndiponso kuti pasatuluke dzina, mudzi kapena chithunzi cha mwana aliyense.