Mlandu suola, nanga woudikira?

Fayilo sikuoneka, mlandu waimitsidwa. Galimoto ya polisi ilibe mafuta okatengera munthu kundende, mlandu waimitsidwa. Mboni sinabwere, wapolisi amene ankafufuza anamusamutsira boma lina, woweruza ali kumsonkhano kunyanja: mubwerenso mwezi wamawa. Mayi amene wagulitsa nkhuku kuti apeze ya minibasi yodzaonera mwana wake pakhoti amabwerera asanamuone n'komwe, ndipo pakhondepo sipalephera kupezeka womutonthoza kuti, "Musadandaule mayi, mlandu suola." Mwambi wa makolo wasanduka pobisalira ulesi wa m'maofesi, ndipo zimenezi zikuwawa.

Akuluakulu poponya mwambiwu ankaopseza wolakwa. Woba mbuzi n'kuthawira ku Joni ankadziwa kuti ngakhale adzabwereko ndi imvi, bwalo lidzamufunsabe. Koma palibe mfumu imene inkamangirira munthu pamtengo chaka chathunthu poyembekeza kuti nduna zake zipeze mpata. Woimbidwa mlandu ankagona kwawo, kulima munda wake, tsiku likafika n'kudzakhala pansi pamaso pa anthu. Lero kudikirako kumachitikira m'ndende za Maula, Chichiri, Mzuzu ndi Zomba, ndipo kumeneko munthu amaola ndithu: mphere, chifuwa chachikulu, miyendo yotupa, kumudzi banja likupasuka.

Papepala zinthu zinakonzedwa bwino, ndipo aliyense ayenera kuzidziwa. Ntchito ya apolisi ndi kufufuza ndi kumanga, osati kuweruza. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa auzidwe chimene wamangidwira m'chinenero chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Pa milandu ing'onoing'ono apolisi atha kupereka belo pomwepo, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere, ngakhale kuti ambiri akhala akuumirizidwa kupereka kangachepe kuti m'bale wawo atuluke m'chitolokosi. Kuchoka apo doketi imapita kwa ozenga milandu. Mwini mphamvuzi ndi mkulu woimira boma pa milandu, DPP, koma m'makhoti a majisitireti, momwe milandu yambiri imathera, amene amaima m'malo mwake ndi apolisi ophunzitsidwa ntchitoyo. Milandu yakupha ndi youkira boma imapita kubwalo lalikulu, lomwe limakhala ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo wosakhutira ndi chigamulo amachita apilo mpaka kubwalo la Supreme. Ndende ndiyo yomalizira. Ndi malo a munthu amene khoti lamupeza wolakwa; wa pa rimandi amangosungidwako kwa kanthawi, lamulo likumuwerengabe kuti ndi wosalakwa.

Manja onsewa sanaikidwe kuti azichedwetsana. Amene analemba malamulo a 1994 anali ataona zimene zimachitika womanga, wozenga ndi woweruza akamamvera pakamwa pa munthu mmodzi. Kuyambira 1969 makhoti a mafumu anapatsidwa mphamvu zoweruza milandu ikuluikulu mpaka kugamula kuti munthu anyongedwe, ndipo maloya sankaloledwa kukaimira munthu kumeneko. Khoti lotere ndilo linagamula mu 1983 kuti Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno, ndi akazi awo a Vera aphedwe. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Maola 48 aja anachokera m'misozi yotereyi, ndipo sangafafanizike ndi nkhani ya mafuta a galimoto.

Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inafika poika malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha ndi kugwirira. Boma likafuna masiku owonjezera liyenera kupempha kukhoti ndi zifukwa zomveka. Masikuwo akatha, khoti lili ndi mphamvu yopereka belo ngakhale mwini wakeyo asanapemphe. Koma mnyamata wakumudzi amene anasiyira Sitandade 5 adziwa bwanji zonsezi? Amamva dzina lake likuitanidwa, amaimirira manja akunjenjemera, amamva Chingerezi chikudutsa pamwamba pa mutu wake, wotanthauzira n'kumuuza mawu awiri okha, kenako wabwerera m'galimoto. Ena amavomera mlandu umene sanapalamule poganiza kuti bola chilango chodziwika malire ake kusiyana ndi rimandi yopanda tsiku. Maloya a bungwe la Legal Aid Bureau, amene amaimira osauka, ndi ochepa poyerekeza ndi khamu lofuna thandizo. Pakanapanda alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene kuyambira chaka cha 2000 akhala akulowa m'ndende kuphunzitsa akaidi kupempha okha belo ndi kukumbutsa oweruza za anthu oiwalika, ambiri akanakhala momwemo mpaka lero. Ntchito imene boma limayenera kugwira tsiku ndi tsiku ikudalira mabungwe ndi ndalama za alendo.

Makhoti eni ake ananena kale kuti zinthu sizili bwino. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, oweruza anagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu, kuphatikizapo kusowa mpweya wabwino m'zipinda, ndi nkhanza zonyazitsa umunthu, ndipo anapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Zaka zadutsa, maboma asinthana, koma anthu akugonabe chokhala, mawondo pachifuwa, msana wa mnzako ndiwo potsamira, nsima ya mgaiwa kamodzi patsiku. M'chipinda chomwecho muli munthu amene khoti lidzamumasula tsiku lina litapeza kuti umboni palibe. Miyezi imene wataya, munda umene wagonera, ana amene asiya sukulu, palibe amene adzamubwezere.

Khomo lolowera m'ndende nalo ndi lotakasuka mopitirira. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, anamangidwa mu 2015 akulawirira kumalonda ake mbandakucha, pa mlandu wa vakabu. Analimba mtima mpaka bwalo lalikulu linagamula mu 2017 kuti ndime ya lamulo imene anamumangira ndi yosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Linali lamulo lochokera kwa atsamunda, ndipo kwa zaka zambiri linkasesa mavenda, anyamata a maganyu ndi amayi obwera kuchipatala usiku, n'kukawaunjika m'zitolokosi zodzaza kale. Wa galimoto yake sanamangidwepo vakabu.

Apa ndiye pagona nkhani. Bwana akamangidwa m'mawa, dzuwa lisanapendeke maloya ake afika kale kukhoti, belo yatuluka, mwinanso chiletso choti asamangidwenso. Mlandu wake nawo umachedwa, koma iye amadikirira kunyumba kwake, akuyenda m'misonkhano, ena mpaka kuimanso pa chisankho. Kwa iye kuchedwa ndi mankhwala. Mboni zimamwalira, zina zimaiwala, zina zimasintha mawu, mapepala amadyedwa ndi chiswe kapena kusowa m'kabati yokiya. Kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill kunaululika mu 2013, ndipo ena analandiradi zilango, koma ina mwa milandu ya mtunduwu inakoka zaka zambirimbiri, pomwe woba mbuzi kapena thumba la chimanga ali kale m'kati asanaonane ndi woweruza kachiwiri. Amene amati mlandu suola akaone mmene umboni umaolera pamene woimbidwa mlandu ali ndi ndalama.

Zoona, kuthamanga nako kuli ndi ngozi yake. Ku Nsanje mu 2016 khamu linaotcha anthu asanu ndi awiri powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu, popanda mboni, popanda funso. Mlandu umafuna kudekha. Koma mkwiyo wa khamu nawo umakulira pa kuchedwa komweku. Anthu akaona amene anamugwira dzulo akuyenda pamsika lero, ndipo palibe amene wawafotokozera kuti belo si kuwina mlandu, kenako miyezi n'kudutsa osaitanidwa kukaperekera umboni, amagamula mumtima kuti wotsatira sakamupereka kupolisi.

Zofunika kuchita sizodula. Mkulu wa ndende iliyonse ali ndi kaundula wa tsiku limene wa pa rimandi aliyense analowa. Mndandanda wa amene masiku awo apitirira uzipita kwa majisitireti mwezi uliwonse, ndipo majisitiretiyo azikakhala kundende komweko kumva milandu yawo, monga zimachitikira pa makhoti oyendayenda amene amabwera mwa apo ndi apo ndalama za mabungwe zikapezeka. Fayilo ikasowa, pali munthu amene anaisainira komaliza, ndipo ayankhe ndi iyeyo, osati mkaidi. Wozenga mlandu akapempha kachitatu kuti uimitsidwe chifukwa mboni za boma sizinabwere, woweruza ali ndi mphamvu yomasula woimbidwa mlanduyo, ndipo aziigwiritsa ntchito. Boma likadzapeza mboni zake lidzamuitananso. Adzachokera kunyumba kwake.