Tikiti ili m'manja, mpando palibe

Makampani ambiri a ndege amagulitsa matikiti ochuluka kuposa mipando, ndipo sabisa. Kaundula wa maulendo akale amawauza kuti pa ulendo uliwonse ena sabwera: wina wachedwa pamsewu, wina wasintha tsiku, wina ndege yomubweretsa sinafike msanga. Mpando umene wanyamuka wopanda munthu sungagulitsidwenso mawa, choncho amawonjezera matikiti angapo. Masiku ambiri masamu awo amayenda. Tsiku limene onse afika, wina amatsala, atalipira kale.

Nkhaniyi ili pakhomo pathu. Kumayambiriro kwa 2025 bungwe la National Consumer Commission ku South Africa linayamba kufufuza kampani ya FlySafair itavomera poyera kuti imachita zimenezi. Lamulo la dzikolo loteteza ogula, la 2008, lili ndi gawo 47 lokamba za kulandira ndalama pa malo amene wogulitsa sangathe kupereka. Ndi mabanja angati a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amene alibe mwana ku Joni?

Chomwe chinatsegula maso a dziko chinachitika pa 9 April 2017 ku bwalo la O'Hare ku Chicago. Ndege ya United Express yopita ku Louisville inali itadzaza, anthu atakhala kale, kampani itafuna mipando 4 ya antchito ake. Inalonjeza madola 800 kwa wotsika mwaufulu, osapezeka. Kenako inasankha yokha. Dr David Dao, wa zaka 69, anakana ponena kuti odwala akumudikira m'mawa. Achitetezo anamukoka pansi, mphuno inathyoka, mano awiri anaguluka. Tionetsetse: apa matikiti sanapose mipando, kampani inangoika zofuna zake patsogolo pa munthu wolipira. Vidiyo itafalikira, United inagwirizana ndi bamboyo kunja kwa khothi, n'kulengeza kuti izipereka mpaka madola 10,000 kwa otsika mwaufulu. Mu 2018 America inakhazikitsa lamulo loletsa kutsitsa munthu amene wakwera kale, pokhapokha pa zifukwa ngati chitetezo.

Koma kugulitsa matikiti owonjezera sikunaletsedwe. Ku America wosiyidwa mokakamizidwa amapatsidwa kawiri kapena kanayi mtengo wa ulendo wopita, malinga ndi maola amene wachedwa, mpaka malire ena. Ku Ulaya lamulo 261 la 2004 limati kampani iyambe yafunsa odzipereka, ikalephera ilipire ma euro 250, 400 kapena 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo, ibweze ndalama ya tikiti kapena ipeze ndege ina, ndipo chakudya ndi pogona zikhale pa kampaniyo. Britain ili ndi lamulo lofanana. Ambiri amasokonekera poganiza kuti malamulowa amayenda ndi munthu kulikonse. Ayi. Amateteza wonyamuka ku Dublin kapena London, osati wonyamuka ku Kamuzu kapena Chileka kudzera ku Addis Ababa kupita ku Jeddah. Ameneyu amadalira zolembedwa m'mgwirizano wa tikiti yake, komanso atha kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission. Pobwerera, Saudi Arabia ili ndi malamulo ake oteteza okwera ndege, amene anayamba kugwira ntchito mu November 2023.

Ife tikuona kuti vuto lagona pa pangano. Surat Al-Maida imayamba ndi kulamula okhulupirira kukwaniritsa mapangano, ndipo Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa Hakim bin Hizam kugulitsa chinthu chimene alibe. Makampani amayankha kuti popanda njirayi matikiti angadule, ndipo amati m'timalemba ting'onoting'ono wogula anavomereza kale. Mfundo ya mtengo ili ndi nzeru, sitikana. Koma chivomerezo cha timalemba tachizungu timene agogo a ku Makanjira sanawerenge ndi chopepuka kwambiri. Kampani ikapeza munthu wotsika mosangalala ndi ndalama imene wagwirizana nayo, amenewo ndi malonda atsopano, palibe mlandu. Ikasankha yokha wotsala, phindu la kuyerekeza kwake yadya yokha, kuluza yasenzetsa wina.

Ndipo si kuchedwa konse kumene ndalama imakonza. Wamalonda atha kufika mawa. Tsiku la Arafah, 9 Dhul Hijja, silidikira munthu amene wasonkha ndalama za usipa zaka khumi. Janaza nayo sidikira.

N'chifukwa chake otsogolera magulu a Hajj ndi Umrah azichita check-in msanga, pa intaneti ngati n'kotheka, poti ofika mochedwa ndi opanda nambala ya mpando ndiwo amayamba kusiyidwa. Ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Matikiti awiri ogulidwa padera amachititsa kuti kampani yachiwiri inene kuti simunabwere. Akakuuzani kuti mpando palibe, musamenyane ndi mtsikana wa pakauntala, sanagulitse ndi iye. Funsani chifukwa cholembedwa, sungani boarding pass ndi malisiti, ndipo musasainire voucher musanamve ngati ikuchotsa ufulu wanu wolandira ndalama yeniyeni. Mawu akuti "ndadzipereka" mukawanena, chipukuta misozi cholamulidwa ndi boma chimachoka, mumatsala ndi chomwe mwagwirizana pakauntalapo.